Katchalitchi ka Mbale za Buluu

Pa tsiku la makumi anayi chimwalirire mwamuna wake Takio, Presing anakulunga mapale a kapu ya malemuyo m'kampango koyera n'kukaika m'chikwama, pamodzi ndi korona wopempherera ndi makandulo awiri. Kapuyo anaiswa yekha pakhomo pamene bokosi linkatuluka, monga amachitira onse m'mudzi mwawo pofuna kuti imfa isabwererenso m'nyumba. Ena mapale otere amangowasesa n'kukawataya kuseri. Iye anawatola onse, ndi chogwirira chomwe, chifukwa anali nawo ntchito.

Ulendo wake unali wa ku Munda wa Zowinda, pa phiri la kumpoto, mtunda wa maola atatu pa jipini, kabasi konyamula anthu kwawoko. Mkulu wake Idang, wogulitsa adyo pamsika, anati amuperekeza. Ananeneratu kuti sakupitira Takio, pakuti mlamu wakeyo sankamukonda ali moyo, ndipo sankaona chifukwa choyambira kumukonda atafa. Ankangopitira mng'ono wake, kuopa kuti angagwe pa masitepe anthu n'kuseka banja lonse.

Za mundawo panalibe wosazidziwa m'chigawo chawo. Munthu m'bale wake akadwala mwakayakaya, amawinda kwa Amayi Maria, kenako amapita kuphiriko kukamanga ndi manja ake katchalitchi kolekeza m'chiuno. Makoma ake amawamata ndi zinthu zosweka za kunyumba: mbale, makapu, mabotolo, kalilole. Dzina la wodwalayo amalilemba pa simenti yaiwisi, pansi, kuseri kwa kachitseko. Lamulo lalikulu n'lakuti chinthucho chikhale chosweka chokha, osati chochita kuswa dala, pakuti Amayi Maria amalandira zimene tsoka laphwanya, osati zimene munthu waononga. Chochita kuswa chimene chimaloledwa n'chimodzi chokha, kapu ya mmisiri mwini wake akamwalira. Imeneyo mkazi wake amabwera nayo pa tsiku la makumi anayi n'kuimata padenga, ndipo chowinda chimathera pamenepo.

Takio anawonjezapo lamulo lina. Anauza Presing kuti munthu womangiridwa katchalitchi sayenera kukaona mmisiri akadali moyo, apo ayi nthenda imabwerera. N'chifukwa chake kwa zaka makumi awiri Presing anali ndi katchalitchi kake paphiripo, koma anali asanakaonepo ndi maso.

Nthendayo inamugwira ali ndi zaka makumi anayi ndi ziwiri. Kuchipatala anamuchotsa chiberekero, ndipo kachiyembekezo kamene kanamutsalira koti adzakhalanso ndi mwana kanathera komweko. Anabwerera kunyumba atawonda, manja akunjenjemera. Tsiku lina m'mawa, akupukuta fumbi m'kabati, mbale inamupulumuka n'kuswekera pansi. Inali imodzi mwa mbale khumi ndi ziwiri za buluu zimene amayi ake anagula kwa Mtchaina wa mu mzinda wa Vigan asanakwatiwe, zimene banja linkazitulutsa pa Khirisimasi ndi pa chikondwerero cha woyera wa mudzi basi. Presing anakhala pansi n'kuyamba kulira. Takio anagwada, natola mapalewo limodzilimodzi, ndipo anamuuza kuti atonthole chifukwa mbaleyo yapeza ntchito. Takioyo anali atawinda kale, ndipo ankayamba kumanga Loweruka lomwelo.

Kuyambira pamenepo Takio anati mbalezo azidyera tsiku ndi tsiku, pakuti munthu wobwerera pakhomo pa manda sayenera kudyera m'pulasitiki. Ndipo zinayamba kusweka. Ina inamupulumuka akutsuka, ina anaigunda ndi chigongono, ina anati ndi mphaka. Munthu woti ku ntchito yake yomanga nyumba njerwa sinkamupulumuka, panyumba anasanduka wa manja a therere, ndipo Presing anamupatsa dzina lomwelo. Poyamba ankadandaula, kenako anayamba kumangoseka, chifukwa mbale iliyonse ikasweka iye ankamva mphamvu zikubwerera m'thupi. Yomaliza inali mbale yaikulu ya nsomba ziwiri pakati. Pomatha zaka zitatu, m'kabati munalibe kanthu, katchalitchi kanali katatha, ndipo Presing anali atachira. Takio anapitiriza kupita kuphiri Lachisanu loyamba la mwezi uliwonse, n'kumagonako masiku awiri, kukamata ming'alu ndi kuzula udzu. Amayi a m'gulu la korona nkhaniyi anaimva kambirimbiri pakamwa pa Presing, moti ena ankaigwiritsa ntchito pokalipira amuna awo.

M'jipini Idang anaiyambanso nkhani ya mbalezo, monga ankachitira chaka ndi chaka. Anati amayi akanamusiyira iye, bwenzi lero akudyerabe zonse khumi ndi ziwiri.

"Bwenzi mutazigulitsa kalekale, Manang, mkulu wanga," anatero Presing. "Mukanaziika pa sikelo ngati adyo."

"Ine ndikanagulitsa mwamunayo, ading, mng'ono wanga. Mbale ndikanasunga."

Mayi wina amene anakhala moyang'anizana nawo atanyamula tambala m'dengu anaseka mpaka tambalayo anadzidzimuka. Presing nayenso anamwetulira pansi pa mpango wake wakuda. Anali asanamwetulirepo chiikire maliro. Tsiku limenelo mtima wake unali wopepuka ngati wa mtsikana wokaonana ndi chibwenzi, ndipo anachita nazo manyazi pang'ono.

Anatsikira pa mtengo wa mango pamene amayi amagulitsa makandulo ndi mikate ya mpunga yootchera m'masamba a nthochi. Masitepe analipo zana limodzi ndi makumi atatu. Idang anawawerenga mokweza, ndipo pa sitepe ya khumi iliyonse ankaima n'kufunsa chifukwa chimene oyera mtima amakondera mapiri chonsecho zigwa zilipo. Presing ankakwera atagwira chikwama pachifuwa kuti mapale asagundane.

Atafika pamwamba, anaima kaye. Timatchalitchi tinali mazanamazana, m'mizere yokhotakhota pansi pa mitengo ya maluwa oyera. Kena kanali ndi nsanja ya timabotolo ta mankhwala a chifuwa. Kena denga lake linali la zigoba za nkhono za m'nyanja, ndipo belu lake linali kachivindikiro ka ketulo. Kena kanapendekeka ngati kakufuna kugona, mwini wake ataiwala kuti pansi payenera kuyamba pasalazidwa, koma pakhomo pake panali maluwa atsopano monga pa tinzake. Dzuwa likatuluka m'mitambo, phiri lonse linkaphethira.

Woyang'anira mundawo, Tata Imong, anali atakhala pa benchi pafupi ndi chipata akupota fodya. Ataona mpango wakuda anavula chipewa, napepesa, nafunsa kuti katchalitchi n'ka ndani kuti awalondolere. Presing anakana mwaulemu kutchula dzina. Anati wadikira zaka makumi awiri ndipo akufuna akakazindikire yekha popanda womulozera. Tata Imong anati palibe vuto, iwo akanda kaye simenti ndipo awatsatira. Akamva pamene pakulira munthu, adziwa kuti ndi pomwepo.

"Mukamva pamene pakutukwana munthu, Tata, ameneyo ndine," anatero Idang. "Mubwere ndi madzi akumwa."

Chapafupi ndi benchiyo bambo wina woyendera ndodo ziwiri ankatsuka katchalitchi ka mabotolo obiriwira ndi mswachi wakale. Presing ananena kuti bamboyo ayenera kuti amamukonda kwambiri munthu amene anamumangira. Tata Imong anati ayi, bamboyo ndiye womangiridwayo. Anamanga ndi mkazi wake, uyo wakhala pamthunziyo akusenda mango. Presing anadabwa, nafunsa ngati si choletsedwa kuti wochira aone katchalitchi kake mmisiri ali moyo.

"Anakuuzani zimenezo ndani, Nana?" anafunsa Tata Imong, pomutchula monga amatchulira amayi achikulire kwawoko, naseka mpaka kutsokomola. "Ine ndakhala pano zaka makumi anayi. Wochirayo ndiye amatsuka. Akapanda kubwera timamutumira uthenga kuti wayamba matama."

Idang anangoyang'ana mng'ono wake cham'mbali. Atayenda pang'ono, Presing ananena yekha, popanda womufunsa, kuti Takio ankaopa masitepe aja. Ankadziwa kuti akangomuuza kuti mtima wake sungakwanitse, iye akanachita makani n'kukwera, ndiye anapeka lamulo. Anali munthu wotero, wobisa chifundo chake. Idang anangoti mwina.

Katchalitchi kaja anakapeza pa mzere wachisanu ndi chiwiri, pafupi ndi mpanda, pamalo poonekera nyanja. Presing anakazindikira ali patali. Kanali ka buluu kuyambira pansi mpaka pa nsanja. Mikombero ya mbale Takio anaizunguliza pa mazenera, timaluwa ta m'mphepete anatindandalika ngati mkanda m'munsi mwa denga, ndipo panalibe phale limene linakhala mopingasa. Tinzake tonse tinkaoneka ngati ntchito ya ana pafupi ndi iko. Pamwamba pa kachitseko panali nsomba ziwiri zija, zolumikizidwa bwino kuchokera ku mapale atatu, moti mng'alu unkangooneka ngati tsitsi. Pa mchira wa nsomba ya kumanzere panali kachipsera kamene Presing anakanda ndi mpeni ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, amayi ake n'kumukwapula ndi chipande.

Anagwira kachipserako ndi chala, misozi n'kuyamba kutsika. Ngakhale Idang anavomereza kuti munthuyo, kaya anali wotani, manja anali nawo.

Presing anagwada movutikira, bondo limodzi kenako linalo, natsegula kachitseko ka malata. M'kati munali mdima pang'ono, ndipo magalasi ake anali m'chikwama. Anapempha mkulu wake kuti amuwerengere, kuti amve dzina lake likutchulidwa pamalopo. Idang anawerama, nasuzumira, nakhala chowerama nthawi yaitali.

"Nanga mwaiwala kuwerenga, Manang?"

"Vala magalasi, ading."

Anawavala. Zilembo zinali za Takio, zopendekera kumanja, zolembedwa ndi msomali. LEONILA. M'munsi mwake, ndi zilembo zing'onozing'ono, FELISA.

Presing anawerenga kawiri. Anafufuza m'makona, anasisita pansi ndi chala, mwina dzina lake linakwiririka ndi fumbi. Munalibe fumbi. M'katimo munali mosesedwa bwino, ndipo pa kaguwa panali kabotolo ka maluwa othyoledwa dzulo. Anayesa kudziuza kuti mwina Mtchaina uja anagulitsa mbale zofanana kwa anthu ambiri. Koma chala chake chinali chitangochoka pa kachipsera kaja.

Adakali chogwada, anamva chidebe chikuikidwa pansi kumbuyo kwake. Anali mayi wa zaka za m'ma makumi anayi, wa tsitsi lomanga kumbuyo, atavala patapata, mswachi uli m'manja. Anawapatsa moni mwaulemu, ndipo ataona mpango wakuda anapepesa chifukwa cha zovuta. Anati asafulumire kudzuka, iye adikira. Anazolowera, pakuti alendo onse amaima pamenepa, ena mpaka kujambula zithunzi.

Idang anatsegula pakamwa, koma Presing anamugwira padzanja n'kufinya. Anadzuka pang'onopang'ono, nakhala pa mwala, nafunsa ndi mawu ofatsa kuti katchalitchi kokongola chotere anamanga ndani.

"Bambo a kunyumba, Nana. A Takio. Ine ndine Leonila, koma amangonditchula Nilang."

Anali munthu wokonda kucheza, ndipo ankaoneka kuti wakhala masiku ambiri wopanda womumvetsera. Anayamba kutsuka nsanja, uku akufotokoza. Anati zaka makumi awiri zapitazo anali ndi pakati povuta, madokotala n'kunena kuti pakati pa mayi ndi mwana apulumukapo mmodzi. A Takio anawinda, ndipo anapulumuka onse awiri. Mwanayo, Felisa, tsopano akuphunzira unamwino mu mzinda wa Laoag. Anati mwa nthawi zonse amabwera Lachisanu loyamba, limodzi ndi a Takiowo, koma mwezi wathawu sanabwere, ndipo foni yawo siikugwira. Mwina apeza ntchito kutali. Ndiye iye wayamba kukwera m'mawa uliwonse, kuti Amayi Maria asawaiwale kumene aliko.

Presing anakumbukira foni ija, ili m'dilowa kuchipinda, yozima chiitengere m'thumba la buluku la malemu. Anakumbukiranso mwezi umene anagona m'chipatala, ndi mmene Takio ankafikira mochedwa pa nthawi yoona odwala, atatopa, akuti ntchito yachuluka. Pamene madokotala ankamuchotsa iye chiberekero, cha wina chinali chodzaza. Koma mawu ake sanasinthe. Anafunsa za mbalezo, kuti kodi zinali za kunyumba kwa Nilang.

Nilang anaseka. "Kwathu? Kwathu n'za pulasitiki ndi zachitini, Nana. Ngakhale muziponye kuchokera padenga, zimangodumpha n'kukuyang'anani."

Anati poyamba ankalira, poganiza kuti kake kadzakhala ka simenti yokhayokha pakati pa tinzake tonyezimira. Koma a Takio anamuuza kuti ali ndi mchemwali wawo wamkulu, wodwaladwala, wa manja onjenjemera, kumene amagona masiku a ntchito. Mchemwaliyo ndi wovuta, safuna n'komwe kumva za Nilang, koma ali ndi kabati yodzaza mbale zimene sadziwa chochita nazo.

Nthawi imeneyo Tata Imong anali atafika ndi kachitini ka simenti ndi botolo la madzi, ndipo anaima chapambali kudikira kuti amayi amalize kucheza.

"Ine ndinkangonena kuti khoma ili latsala," anapitiriza Nilang, akupukuta zenera, "iwo n'kuti usadandaule, Loweruka ndibweretsa. Ndipo ankabweretsadi. Ya nsombayi ndinachita kuipempha. Anandifotokozera kukongola kwake, ine n'kuti imeneyo ndikuifuna pakhomo. Sabata yomweyo inabwera."

Tata Imong anaika kachitini pansi.

"Nilang," anatero pang'onopang'ono, "unaipempha isanasweke?"

Mswachi unaima. Nilang anayang'ana nkhalambayo, kenako khoma la buluu, ngati kuti akuliona koyamba. Nkhaniyi ayenera kuti anali ataifotokoza kambiri, koma anali asanaimvepo mmene imamvekera.

Presing sankawaonanso. Ankaona tebulo la kunyumba kwake pa tsiku la chikondwerero cha mudzi, alendo atabalalika. Pa mbale yaikuluyo panatsala nsomba yootcha theka ndi tomato. Takio anayamba wakhuthulira nsombayo m'mbale ya pulasitiki, naivindikira bwinobwino, kenako ananyamula mbale ya amayi kupita nayo kotsukira. Patangopita kanthawi inamveka. Presing anathamangira komweko, nam'peza atagwada kale akutola, ndipo anamuseka kuti mwayi wake ndiwo anali atachotsamo. Madzulo a tsikulo anamuphikira chakudya chimene ankachikonda, kuti asadandaule. Kakhumi ndi kamodzi anamutonthoza munthu amene ankamuswera mbale za amayi ake mochita kuitanitsidwa, khoma ndi khoma.

"Mchemwali wodwaladwalayo ndine," anatero Presing. "Manja anga ndi awa, anasiya kunjenjemera kalekale. Koma m'buku la maukwati ku parishi kwathu analemba kuti ndine mkazi wake."

Kumunsi kunkamveka jipini ikuitanira anthu. Nilang anabwerera m'mbuyo mpaka anagunda chidebe, madzi n'kutayikira pa patapata wake. Maso ake anafika pa mpango wakuda wa Presing, nathawapo msanga, ngati dzanja likakhudza poto wamoto. Kaya ankadziwa zambiri kuposa zimene ananena, kaya zaka zonsezi ankasankha kusafunsa, Presing sanathe kudziwa, ndipo anapeza kuti alibe nazo ntchito.

Tata Imong anavula chipewa n'kuchipinda m'manja. Analankhula monyinyirika, akuyang'ana pansi. Anati lamulo la mundawo n'lodziwika: katchalitchi komatidwa ndi zinthu zochita kuswa sikawerengedwa, ndipo mwini zinthuzo ali ndi ufulu wozichotsa zonse. Zinachitikapo kamodzi, iwo akadali mnyamata, ndipo chigoba cha simenti chikadalipo kuseri kwa phanga lina la paphiripo. Anati sangakakamize, komanso sangaletse.

"Hamala ili kuti, Tata?" anafunsa Idang. "Ine sindinakwere masitepe zana ndi makumi atatu kudzaona nyanja."

Nilang anagwada pamatope a madzi otayika aja. Sanadzipepesere iye mwini. Anapempha chifukwa cha Felisa, amene anabadwa wosapuma, amene mpaka lero akadwala chimfine mayi wake amathamangira kuno kudzaona ngati phale lina lagwa. Anati mwanayo sanaswe kanthu. Anati amumenye iye ngati akufuna, amutengere kwa bambo mfumu, koma makomawo awasiye.

"Dikirani abwere, Manang. Abwere afotokoze okha. Ndikukupemphani."

Mawu akuti Manang anamubaya Presing kuposa zonse zimene anamva tsikulo. Anayang'ana katchalitchi kaja. Kwa zaka makumi awiri ankakaona m'maganizo asanagone. Ankakathokoza pa Misa, ankadzitama nako pakati pa amayi anzake, ndipo mwamuna wake akabwera Lamlungu madzulo atatopa, ankamutenthetsera madzi n'kumusisita msana ndi mafuta a kokonati chifukwa cha iko. Kanalipodi, kokongola kuposa mmene ankaganizira, ndipo kalikonse ka pa iko kanali kake kupatula dzina. Ankafuna kukaona kali mbulanda. Ankafuna kumva phale lililonse likugwa.

Anatambasula dzanja kwa Tata Imong, osati kufuna hamala yaikulu, koma tchizulo ndi kanyundo kamene nkhalambayo inkayenda nako m'thumba. Anagwadanso patsogolo pa kachitseko. Nilang anabisa nkhope m'manja.

Ntchitoyo inamutengera nthawi, chifukwa simenti ya Takio inali yolimba. Anagogoda mozungulira, pang'onopang'ono, thukuta likutsikira m'magalasi. Phale loyamba linatuluka ndi mutu wa nsomba ya kumanja. Lachiwiri linamucheka chala, koma sanaleke. Lachitatu, la mchira wa kachipsera, analitulutsa mosamala kwambiri. Pamwamba pa kachitseko panatsala chibowo chotuwa, chachikulu ngati chikhatho, pamalo pamene mlendo aliyense amayamba kuyang'ana.

Anayang'ana makoma otsalawo, kenako zilembo zing'onozing'ono za dzina lachiwiri lija, ndipo anabweza tchizulo kwa mwini wake.

"Basi?" anatero Idang. "Khumi ndi imodzi ukuwasiyira?"

"Zinazo azidzaona akamatsuka, adziwe kuti n'za amayi. Iyi yokha anachita kuiloza ndi chala ili yamoyo."

Kenako anatsegula chikwama, natulutsa kampango koyera kaja, nakaika pamiyendo pa Nilang. Mayiyo anamasula mfundo ndi zala zonyowa. Anaona mapale a kapu ya khofi yofiirira, ndi chogwirira chimene Takio anachimanga ndi waya chitang'aluka. Aliyense wa m'chigawocho amadziwa tanthauzo la kapu ya munthu yobwera paphiripo m'kampango. Nilang sanafuule. Anangotola chogwiriracho n'kuchiyang'anitsitsa.

"Sabweranso," anatero Presing. "Lero ndi la makumi anayi. Imeneyo ndinaswa ine, dala, mudzi wonse ukuona."

Tata Imong anakonza kukhosi, nanena kuti mwambo umafuna kuti kapu amate ndi mkazi wa muukwati, ndipo simenti ikadali yaiwisi. Presing anadzuka atagwira phewa la mkulu wake.

"Mkazi amamata pa katchalitchi kamene anam'mangira, Tata. Ine sanandimangire."

Atafika pa chipata ndi pamene anamva kulira kukuyamba kumbuyo, pa mzere wachisanu ndi chiwiri. Bambo wa ndodo ziwiri uja anaima kutsuka n'kutembenuka, mkazi wake n'kuika pansi mango. Presing sanacheuke.

Potsika, Idang sanawerenge masitepe. Pakati pa njira anakumbutsa mng'ono wake kuti kunyumba amayi a korona akhala atasonkhana kale kudzapempherera mzimu wa malemu, mpunga ndi nyama ya nkhumba zili pamoto, ndipo onse akudikira kumva za katchalitchi kaja. Anafunsa kuti akawauza chiyani. Presing anati akawauza kuti n'kokongola kuposa tonse ta paphiripo, pakuti zimenezo n'zoona, ndipo akafunsa zambiri awayankhe Idang, amene wakhala akuyembekezera mwayi umenewu kwa zaka makumi atatu.

Mapale atatu aja anali adakali m'manja mwake, akuthwa, ndipo chala chinali chikuchuchabe magazi. Kampango koyera kanali katatsala kumtunda. Anaima pa sitepe, nasiyira mkulu wake chikwama mmene munali makandulo awiri osayatsa. Kenako anamasula mpango wakuda umene mwambo umati auvale chaka chathunthu, nakulungamo nsomba za amayi ake, natsika masitepe otsalawo mutu uli pamtunda.